Kagalasi ka Mayi Kulesza

Ku Gdańsk kumada msanga mu Disembala.
Folo koloko isanakwane, nyali za padoko zayaka kale,
ine ndili m'chipinda cha pansi pa chipatala
monunkha sera ndi mankhwala oumitsira minofu,
diso lili pa maikulosikopu.

Ksawery wandibweretsera timagalasi naini m'kathireyi.
Kachisanu ndi chiwiri ndi ka Mayi Bożena Kulesza,
zaka makumi asanu ndi limodzi kudza ziwiri,
bere lakumanzere, chotupa chonga nyemba yogona m'madzi.
Pa pepala alemba ntchito: woyendetsa sitima yamumsewu.
Mwina ndinakwerapo.
Mwina ndi iwo anandidikira tsiku lija
ndinkathamanga pa chipale chofewa, chikwama chili yasa.

Maselo awo si amene ndinazolowera.
Khansa ya m'bere imakonda kufola mizere
kapena kumanga timipope tokhotakhota.
Iyi yaunjikana m'timagulu, ili phee,
ngati anthu odikira pa siteji mapewa atagundana.
M'kati mwa selo lililonse muli timadontho,
mchere wosakaniza ndi tsabola wopera.

Dzana ndinapempha utoto wina.
Lero wayankha: bulauni, bulauni ponseponse.
Maselo a m'bere aphunzira chinenero cha mitsempha,
asunga timatumba ta uthenga
monga timachitira tiziwalo totulutsa mahomoni.
Uthenga wopita kwa yani?
Makalata mbwee, keyala palibe.

Dokotala Zaremba waimba foni kuchokera kuwodi.
"Mawa ndiwauze chiyani? N'zoipa, kapena n'zabwinoko?
Akufunsa ngati abwerere kuntchito mu Malichi."

Ndakhala chete, chingwe cha foni ndikuchipota ndi chala.
Ofufuza ena akuti mtundu uwu umabwerera msanga,
umayenda ulendo, kumafupa, kuchiwindi.
Ena anawerenga odwala awo, napeza kusiyana kochepa
kapena osakupeza n'komwe.
Odwala ake ndi owerengeka,
ndipo ngakhale dzina la matendawa lasinthidwa kangapo
ine ndili pampando womwewu.

Choncho ndanena zimene ndingaloze ndi chala.
Chotupa sichinakwane masentimita awiri.
Mwanabele amene anachotsa m'khwapa ndi woyera.
Maselo amene akugawikana ndi ochepa,
ndinawawerenga kawiri, kachiwiri nditamwa tiyi.
Chimakula ndi mahomoni achikazi,
ndiye kuti chili ndi khomo limene mankhwala angatseke.
Muunikenso mapapo ndi matumbo, ndatero,
titsimikize kuti mlendoyu anabadwira pomwepa,
sanachite kusamukirapo.

"Nanga bulauniyo?"

Bulauniyo ndilemba. Alipo, ndiye ndilemba.
Koma sindingamuike pa sikelo ngati mwala
pamene sindikudziwa kulemera kwake.
Ndakhala ndikuona anthu akulira chifukwa cha liwu limodzi lalitali
limene ife tinalilemba mothamanga, njala itatipweteka.

Mzere womaliza wa lipoti ndautaipa katatu.
Tanthauzo lake pa tsogolo la matendawa silinadziwike bwino.
Ndafufuta "bwino". Ndabwezeretsa.
Ksawery wavala kale chipewa, akugwedeza makiyi pakhomo,
akuti mwana wake ali ndi konsati kusukulu.
Ndasaina.

Panja mphepo yochokera kunyanja ikuluma makutu.
Sitima yafika mochedwa ndi mphindi zinayi,
woyendetsa ndi mnyamata wometa mpala, sindinamuonepo.
Pokhota pafupi ndi mlatho wagwira buleki mwamphamvu,
tonse tagundana mapewa, mayi wina wagwetsa malalanje.
Bambo wokalamba kumbuyo kwanga wang'ung'udza:
"Mayi uja samatigwedeza chonchi. Kodi ali kuti masiku ano?"

Ndikudziwa kumene kuli kachidutswa kawo:
shelefu yachitatu, bokosi lobiriwira, pafupi ndi zenera.
Ndatola lalanje limodzi pansi pa mpando,
ndalipereka kwa mwini wake,
ndipo sindinatembenuke.